Momwe Mungadziwire Kuchuluka kwa Yunifolomu Yodula pa Ulendo Umodzi

Sukulu zikamayandikira kutsegulira mu Seputembala, atelala ambiri timachita chinthu chimodzi chomwe chimatipweteka: tikalandira oda ya malaya 300, timayala nsalu yonse, kujambula ndi choko, n'kudula tsiku limodzi. Ine ndinachitapo zimenezi. Kolala ya pa pepala lodulira inali yaifupi ndi chala chimodzi, ndipo ndinazindikira malaya oyamba atafika pa nsimbi, nsalu yonse ili kale zidutswazidutswa. Ndinatha masiku ndikumasula misoko, ana akudikira.

Kudula zochepa kwambiri nakonso kumadya nthawi, chifukwa ulendo uliwonse muyenera kuyalanso nsalu, kusintha ulusi, kudzaza bobini ndi kuyesa makina. Ndiye mtolo umodzi, kutanthauza malaya odulidwa pa ulendo umodzi, ukhale wa malaya angati?

Choyamba, tengani kabuku ndipo kwa masabata awiri lembani chovala chilichonse cholakwika. Muzigawe pawiri. Pali zokonzeka, monga thumba lopendama, msoko wokwinyika kapena batani losokedwa posayenera. Palinso zotayiratu, monga nsalu yodulidwa moperewera kapena yopsa ndi nsimbi. Lembaninso mphindi zomwe mwatha pokonza chimodzi. Musadalire mutu pamenepa, chifukwa ntchito yomasula msoko timaiiwala msanga pomwe imadya maola enieni.

Chachiwiri, pezani mtengo wokonzekera mtolo umodzi. Yang'anani wotchi kuyambira pomwe mwayala nsalu kufikira singano italowa m'chovala choyamba, ndipo nthawiyo muisandutse ndalama molingana ndi zomwe mumapeza pa ola.

Chachitatu ndi chomwe ambiri sitiwerengera: mtengo wosunga. Malaya odulidwa omwe akungokhala m'thumba pakona ndi mpamba wogona. Ngati ndalamayo munakongola ku banki m'khonde, chiwongoladzanja chikuwerengedwa mwezi ndi mwezi, malayawo asanagulidwe n'komwe. Onjezanipo fumbi, makoswe ndi chinyezi. Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nsalu ya ku Limbe kapena ku Area 2 si yoti n'kuigoneka mwachisawawa.

Tsopano masamu. Njira yake ndi yakale, anailemba injiniya wa ku America, Ford W. Harris, mu 1913. Chulukitsani 2 ndi chiwerengero cha malaya ofunika pa mwezi, kenako ndi mtengo wokonzekera mtolo, mugawe ndi mtengo wosunga malaya amodzi pa mwezi, ndipo pa yankholo dinani chizindikiro cha √ pa kalikuleta ya m'foni. Tiyerekeze kuti mukufuna malaya 300 pa mwezi, kukonzekera kumakudyerani K3,000, ndipo kusunga malaya amodzi ndi K500. Mupeza 3,600, ndipo √ yake ndi 60. Kutanthauza mitolo isanu ya malaya 60.

Komatu masamu amenewa amaganiza ngati chovala chilichonse chimatuluka bwino, zomwe sizichitika pa shopu iliyonse. Apa ndi pomwe kabuku kaja kakugwirireni ntchito. Ngati pa malaya 20 aliwonse amodzi amatayidwa, dulani 64 kuti mutsale ndi 60 abwino. Ngati amodzi pa khumi amafuna kukonzedwa, ndiye kuti mu mtolo uliwonse muli malaya pafupifupi asanu ndi amodzi obwerera pa makina. Kukonza amodzi kukamatenga mphindi 20, amenewo ndi maola awiri, ndipo muwawerengere musanalonjeze aphunzitsi aakulu tsiku lodzatenga katundu.

Chenjezo langa lalikulu lili pa mtundu wa cholakwikacho. Chala kuterereka kamodzi pa makina si vuto la mtolo wonse. Koma cholakwika chochokera pa pepala lodulira, pa singano yobuntha kapena pa ulusi womangika kwambiri chimabwera pa chovala chilichonse mpaka wina atachiona. Choncho pa oda yatsopano, pa nsalu yomwe simunaigwirepo, kapena mukakhala ndi wophunzira ntchito watsopano, musayambe ndi 60. Dulani malaya atatu a misinkhu yosiyana, musoke mpaka batani lomaliza, muwasite, ana awayese. Akakwana bwino dulani 20, kenako mufike pa mlingo wanu uja. Pang'onopang'ono ndi mtolo, amatero akuluakulu, ndipo pa ntchito ya lumo mawuwa ndi oona.

Zolakwika muzikonza mtolo ukangotha, ulusi wa mtundu womwewo ukadali pa makina. Mukaziunjika kudikira kumapeto kwa oda, mudzakonzekeranso makina kachiwiri, ndipo amene analakwitsa adzakhala atabwereza kale cholakwikacho mu mitolo inayi. Ikani dengu limodzi pambali pa makina la zovala zobwerera. Likadzaza mtolo usanathe, imitsani kusoka ndipo fufuzani gwero lake tsiku lomwelo.

Pakutha pa mwezi onaninso kabuku. Zolakwika zikachepa mungakweze mtolo pang'ono. Ngati makina anu ndi a magetsi ndipo sabata imeneyo magetsiwo akuzimazima, chepetsani mtolo ufike pa malaya omwe mungamalize kusoka ndi kusita m'masiku awiri.