Kuyamwitsa kamphaka kopanda mayi

Kamphaka kosakwana masabata 4 sikatha kudzitenthetsa thupi. Mukakalandira kali kozizira, musathamangire kukapatsa mkaka, chifukwa m'mimba mwake simugaya bwino. Yambani mwakafunditsa ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu.

Mkaka wa ng'ombe ayi, umatsegula m'mimba. Funsani kwa dokotala wa ziweto mkaka wopangira ana amphaka. Sabata yoyamba kaziyamwa maola 2 kapena 3 alionse, ngakhale usiku. Poyamwitsa kagonekeni chafufumimba, mukakagoneka chagada mkaka umalowa m'mapapo. Kakakhuta, kasisiteni pansi pa mchira ndi thonje lonyowa madzi ofunda kuti kakodze ndi kuchita chimbudzi, monga mayi ake akanachitira ponyambita.

Kayezeni pa sikelo tsiku lililonse, kaziwonjezera magalamu pafupifupi 10. Musakapereke kwa mwini watsopano kasanakwanitse masabata 8.