Kusunga kope la database ya SQLite pamene ikugwira ntchito

SQLite, pulogalamu yosungira ndi kusanja deta (database), imasunga deta yonse mu fayilo imodzi, ndipo zimenezi zimachititsa ambiri kuganiza kuti kungoikopera ndi cp, lamulo wamba lokopera mafayilo, n'kokwanira. Koma ngati pulogalamu ikulemba pa nthawi yomwe mukukoperayo, kope lanu likhoza kutenga masamba (tizigawo ta fayiloyo) ena akale ndi ena atsopano, n'kutuluka lowonongeka popanda chenjezo lililonse. Vutoli limakula ngati munayatsa WAL (Write-Ahead Log), njira yolembera zosintha pambali kaye, chifukwa zolembedwa kumene zimayamba zakhala mu fayilo ina ya dzina lothera ndi -wal, ndipo mukaisiya, zonse zomwe zinali zisanasamutsidwire ku fayilo yaikulu zatayika.

Yambani ndi lamulo la .backup la mu pulogalamu ya sqlite3, lomwe limadalira Online Backup API, njira ya SQLite yokopera database pamene ikugwira ntchito. Njirayi imakopera masamba pang'onopang'ono, n'kumapereka mpata kwa ena kuti alembe, koma ili ndi khalidwe lina lofunika kulidziwa: pulogalamu ina ikangosintha deta ntchitoyo ili mkati, kukopera kumayambiranso pachiyambi, moti pa database yaikulu yolembedwa pafupipafupi mwina sikungathe n'komwe. Ngati mukulemba nokha pulogalamu yokoperayo, perekani -1 kwa sqlite3_backup_step, gawo la API imeneyi lokopera masamba, kuti masamba onse apite ulendo umodzi; mu WAL zimenezi sizitsekereza olemba.

Ine ndimakonda njira ina yokopera yotchedwa VACUUM INTO, yomwe inabwera ndi SQLite 3.27.0 mu 2019, chifukwa imatulutsa kope la deta monga mmene inalili pa mphindi imodzi, ndiponso imachotsa malo opanda kanthu kotero kuti fayilo imachepa. Imalemetsa kompyuta kuposa .backup, ndipo imakana kulemba pa fayilo yomwe muli kale zinthu, choncho muziika deti m'dzina la kope lililonse.

Database ikafika magigabaiti ambiri, kutumiza yonse usiku uliwonse n'kuwononga nthawi ndi intaneti. Apa m'pamene pulogalamu ya sqlite3_rsync, ya mu SQLite 3.47.0 ya 2024, imathandiza, popeza imayerekezera database yanu ndi kope lake kudzera pa SSH (njira yotetezeka yolumikizira makompyuta awiri) n'kutumiza masamba osiyana okhawo. Amene sangalole kutaya ngakhale deta ya ola limodzi aganizire pulogalamu ya Litestream, yomwe imatumiza zosintha za mu WAL mosalekeza kumalo ngati S3, malo a Amazon osungirako mafayilo pa intaneti.

Kope lililonse lisungeni pa makina ena, mulitsegule, muyendetse PRAGMA integrity_check (lamulo lofufuza ngati fayilo yawonongeka), ndipo musalikhulupirire mpaka yankho litabwera lakuti ok komanso pulogalamu yanu itawerengamo zolembedwa zaposachedwa.