Chaka chomaliza ku koleji: konzani izi musanakwere basi yobwerera ku Mangochi

Kaya muli ku UNIMA, ku LUANAR, kapena konkuno ku DMI ndi ku koleji ya zausodzi ya Mpwepwe, chaka chomaliza sichichedwa kutha. Ambiri amadzakumbukira zofunika atafika kale kumudzi, pomwe kubwerera ku Zomba kapena ku Bunda kukatenga pepala limodzi kukufuna ndalama ya thiransipoti imene alibe.

Yambani ndi kafukufuku. Sankhani mutu woti mayankho ake mukawapeze kwanu pa holide. Mwana wa ku Makawa amene amalume ake ali ndi bwato asavutike ndi mutu wa ku Lilongwe, asodzi ndi amayi oyanika usipa pathandala ali pakhomo pomwepo. Supavaiza mukumane naye mwezi woyamba, chifukwa kumapeto amakhala ndi mulu wa mapepala a anzanu.

Kenako mapepala, ndipo apa ndi pamene anthu amalirira. Fizi yotsala, ngakhale buku la ku laibulale limene munabwereka kalekale, zikhoza kutsekereza satifiketi yanu. Ikani pamodzi chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE ndi kaundula wa ku koleji, muone ngati dzina lalembedwa mofanana. Kuno kwathu izi zimachitika kwambiri: pena Yusufu, pena Yusuf, pena Asani, pena Hassan. Pa mpira palibe amene amafunsa, koma wolemba ntchito amafunsa. Konzetsani mukadali pasukulu, ndipo mufunsiretu za transikiripiti.

Chachitatu, ngongole ya Loans Board. Si mphatso ayi. Bungweli, lomwe mwachidule limatchedwa HESLGB, limakudikirani zaka ziwiri mukamaliza maphunziro, kenako muziyamba kubweza. Dziwani kuti munatenga zingati. Anamwino ndi azamba, musaiwale kuti popanda kulembetsa ku Nurses and Midwives Council simungagwire odwala.

Chachinayi n'chachidule: pemphani aphunzitsi awiri ndi bwana wa komwe munachita atachimenti kuti adzakuikireni umboni pa CV. Nambala ya foni musasinthesinthe.

Tsopano miyezi ya kunyumba, pomwe azakhali amafunsa m'mawa uliwonse kuti "nanga ntchito ija?" Kalata yofunsira ntchito siyendetsedwa pa WhatsApp pokha. Kasiyeni nokha ku khonsolo, ku mabungwe ogwira ntchito m'bomali, ndi m'mahotela kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear. Muzitcheranso khutu Unduna wa Zantchito ukamalengeza za ma internship a boma. Podikirapo, kuphunzitsa ana a Folomu 4 madzulo kapena kutumiza usipa ku Limbe sikufufuta digiri, ndipo ndalama ya bando ndi yosindikizira makalata imachoka pomwepo.

Wina akakuimbirani kuti dzina lanu latuluka koma mutumize kaye kangachepe pa Mpamba kapena pa Airtel Money, dulani foniyo.