Kuyambitsa sola yotchajira mafoni pa chilumba cha Chisi

Mwafunsa kuti gulu la asodzi pa Chisi, m'nyanja ya Chilwa, lingayambe bwanji sola yotchajira mafoni ndi kuunikira padoko.

Musathamangire kugula panelo, yambani mwawerengetsa. Mababu anayi a LED a mawati 5 akayaka maola 5 adya 100Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola), mafoni 20 pafupifupi 200Wh. Zonse ndi 300Wh patsiku. Panelo ya mawati 100 ikwanira. Batire ikhale ya 12V 100Ah, poti ya asidi siifuna kutsitsidwa kupyola theka. Ya galimoto isiyeni, imafa msanga.

Powolotsa pabwato, batireyo iimirire chilili, asidi angatayike.

Panelo iikeni padenga, iyang'ane kumpoto, yopendekeka pafupifupi madigiri 15, pomwe sipafika mthunzi. Polumikiza, batire ku kontirola (kabokosi koyang'anira magetsi ochoka ku panelo kulowa m'batire) kaye, fyuzi pafupi ndi batire, panelo pomaliza. Mukayamba ndi panelo kontirola ikhoza kupsa.

Tsopano za ndalama, pomwe magulu ambiri amayambanirana. Wotchaja aliyense alipire, ngakhale mlamu wa wapampando, ndipo msungichuma alembe m'kope: ndalama imeneyo ndi ya batire yatsopano. Loweruka lililonse wina akwere apukute fumbi ndi zitosi za mbalame papanelo ndi kansanza konyowa.