Momwe mungayesere bolodi ya kachipangizo kowerenga ma muon

Ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi Geneva, timagulu ta ma proton, tizinthu ta mkati mwa atomu, timakumana ka 40 miliyoni pa sekondi imodzi mu LHC, makina aakulu a pansi pa nthaka owombanitsa tizinthuti, ndipo bolodi iliyonse yowerenga zomwe zachitikazo imayesedwa kaye isanatsitsidwe pansi. Ena mwa mabolodi opereka magetsi ku ATLAS, chimodzi mwa zipangizo zazikulu zoona kuwombanaku, amapangidwa ndi kuyesedwa ku yunivesite ya Wits, ku Johannesburg. Ife a ku Ulónguè, ku Angónia m'dziko la Mozambique, tilibe zimenezo, koma CosmicWatch, kachipangizo kotchipa komwe kanayambira ku yunivesite ya MIT ku America, kamafuna chisamaliro chomwecho. Kamawerenga ma muon, tizinthu tochokera kumwamba todutsa denga, thupi ndi nthaka.

Musanalumikize magetsi, yang'anani. Tengani galasi lokulitsa, muone malo onse omwe mwawotcherera. Mtovu wabwino umakhala wosalala ndipo umakumbatira kamwendo. Ukaunjikana ngati kambulu kapena ukagwira timiyendo tiwiri, konzani pomwepo. M'miyezi ya chilimwe mpweya ukauma, gwirani chitsulo cholumikizidwa ndi nthaka musanakhudze bolodi. Magetsi a m'thupi amapha tizipangizo mwakachetechete.

Kenako lumikizani USB, koma SiPM, kadiso kowona kuwala, musakaikepo. Yezani ndi multimeter, choyezera magetsi, pomwe kadzakhale. Bolodi imakweza ma volt 5 kufika pafupifupi 29.5. Mukapeza zina, imani. Kadisoko ndi kodula, ndipo simungakapeze pa msika wa Tete.

Apa ndiye pali ntchito. Kadiso kaja kamamatidwa pa pulasitiki yapadera, scintillator, yomwe imathwanima pang'onong'ono muon ikadutsa. Kutirani ndi pepala la aluminiyamu, kenako tepi yakuda, kawiri kapena katatu, makamaka m'makona. Yatsani, muwerenge kwa mphindi khumi. Fundikani ndi chitenje chokhuthala, muwerengenso. Nambala ikatsika kwambiri, kuwala kwa panja kukulowa penapake. Ine koyamba ndinasangalala kuti ndagwira ma muon ambirimbiri, chonsecho linali dzuwa la pazenera lolowera pakabowo konga ka singano.

Dziwaninso kuti si chilichonse chowerengedwa chomwe ndi muon. Makoma ndi dothi zimatulutsanso cheza chake. Mukakhala ndi tizipangizo tiwiri, sanjikizani, mulumikize kuti tiziwerenga pokhapokha tonse tawona nthawi imodzi. Pa sentimita imodzi mbali zonse pamadutsa pafupifupi muon imodzi pa mphindi, choncho musayembekezere mvula ya manambala.

Pomaliza kasiyeni koyaka usiku wonse. Ku Wits nakonso amatenthetsa mabolodi kwa maola angapo ali pa ntchito, kuti ofooka afe msanga asanapite ku Geneva. Lembani kutentha pambali pa nambala iliyonse, chifukwa SiPM imasintha khalidwe kukatentha. Mukatsika nako ku Moatize mu Okutobala musathamangire kunena kuti kawonongeka. Kumeneko kumatentha, komanso ndi kotsika kuposa mapiri a Angónia, ndiye ma muon amacheperako.