Musanagule makompyuta: momwe mungakonzere pulani ya zamakompyuta ku nthambi ya boma

Maofesi ambiri a boma akafuna kusintha kagwiridwe ka ntchito amayambira kumathero. Bajeti ikangodutsa, kapena abwenzi akunja akangolonjeza thandizo, nkhani imakhala ya malaputopu angati, seva (kompyuta yaikulu yosungira zonse) yamtundu wanji, tenda ipite kwa ndani. Pakatha zaka ziwiri mupeza ku akaunti kuli pulogalamu yawo, kolemba anthu ntchito yawonso, ku registry ina, zonse zosamvana, kalaliki akulembabe dzina la munthu mmodzi katatu. Ntchito yopewa chipwirikiti chotere akatswiri amaitcha enterprise architecture, ndipo ndondomeko yodziwika kwambiri, ya TOGAF, imaigawa panayi: ntchito, deta, mapulogalamu, kenako zipangizo. Zipangizo zili kumapeto mwadala.

Yambani ndi kutsatira fayilo imodzi

Sankhani ntchito imodzi imene anthu amabwerera kwambiri ku ofesi yanu, tinene laisensi ya bizinesi ku khonsolo. Nyamukani pampando muitsatire ndi miyendo. Fomu imatengedwa pawindo liti? Risiti imalembedwa ndi ndani, m'buku lanji? Fayilo imagona masiku angati patebulo la woyendera zaumoyo, nanga iye akapita kumaliro imasainidwa ndi ndani? Lembani tebulo lililonse, siginecha iliyonse ndi chidindo chilichonse, ndipo pa chilichonse funsani kuti ndi lamulo liti limene limachifuna. Mupeza kuti masiginecha ena sali m'lamulo lililonse, anangoyamba kalekale bwana wina atakwiya. Amenewo achotseni tsopano, chifukwa mukawalowetsa m'kompyuta adzakhazikika ndipo kuwachotsa kudzafuna ndalama.

Gawo limeneli lisasiyidwe kwa ofisala wa ICT yekha. Iye alibe mphamvu youza dairekitala kuti siginecha yake ndi yosafunika. Mlembi wamkulu kapena bwanamkubwa ndiye atsogolere.

Werengani zomwe muli nazo kale

Chitani kalembera wa mapulogalamu onse, kuphatikizapo amene sadziwika kulikulu: fayilo ya Excel yomwe ili palaputopu ya munthu mmodzi, gulu la WhatsApp lotumizirana malipoti, Gmail ya mwini wake imene makalata a boma akudutsira. Pa chilichonse lembani mwini wake, amene akusunga pasiwedi yaikulu, tsiku lotha laisensi ya pulogalamuyo, ndi mtundu wa ndalama imene laisensiyo imalipiridwa, kaya kwacha kapena madola. Chomalizachi musachipeputse. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo ofesi iliyonse yolipira laisensi m'madola inaona bilu yake itakwera bajeti isanasinthe.

Deta iliyonse ikhale ndi mwini mmodzi

Pano mpomwe pulani imapindulira kapena kufera. Pa chinthu chilichonse chimene mumalemba, monga dzina la munthu, tsiku lobadwa, nambala ya galimoto, nambala ya msonkho, funsani kuti m'boma lonse mwini wake weniweni ndi ndani. Mbiri ya nzika mwini wake ndi National Registration Bureau, yomwe mu 2017 inalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo. Nambala ya msonkho, TPIN, ndi ya MRA. Za magalimoto ndi malaisensi oyendetsera zili mu MalTIS ku Road Traffic. Ziwerengero za zipatala zimasonkhanitsidwa mu pulogalamu ya DHIS2, ndipo ndalama za boma zimadutsa mu pulogalamu ya IFMIS kwa Accountant General. Nthambi yanu isayambitse kaundula wakewake wa zinthu zimene zili kale ndi mwini. Gwiritsani ntchito nambala ya chiphaso cha unzika ngati chomangira, ndipo pemphani mgwirizano wolembedwa kuti pulogalamu yanu izifunsa kwa mwini detayo.

Ubwino wake umaoneka msanga. Banda John, John Banda ndi J. Banda wa m'mafayilo atatu amakhala munthu mmodzi, ndipo dzina la womwalira silipitirira kulandira malipiro. Dziko la Estonia linayamba njira imeneyi mu 2001 ndi X-Road, yolumikiza makaundula a maofesi osiyanasiyana popanda kuwaunjika pamalo amodzi, ndipo kumeneko boma siliyenera kufunsa nzika chinthu chimene linafunsa kale. Sitingakopere zonse, koma lamulo limenelo ndi lotheka ngakhale pa ofesi imodzi.

Kumbukiraninso lamulo loteteza deta la 2024. Ngati ntchito yanu sifuna kudziwa chipembedzo kapena matenda a munthu, chotsani mzerewo pafomu. Chimene simunatolere sichingabedwe kwa inu.

Ndani angachite chiyani

Cashgate ya 2013 ndi phunziro lokwanira pano. Ofufuza a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka molakwika pakati pa Epulo ndi Seputembala chaka chimenecho, ndipo njira imodzi inali kulipira kudzera mu IFMIS kenako n'kufufuta umboni wa malipirowo m'kompyuta momwemo. Pulani yanu inene momveka kuti wolowetsa malipiro sangakhalenso wowavomereza, kuti chilichonse chochitika chimalembedwa pamalo pomwe ngakhale woyang'anira sisitimu sangafufute, ndiponso kuti munthu akasamutsidwa kapena akapuma ntchito akaunti yake imatsekedwa tsiku lomwelo. Ndipo mchitidwe womata pasiwedi pa kapepala kunsi kwa kiyibodi kuti anzanu azilowera mukakhala kumsonkhano ku Mponela, uthe.

Magetsi, netiweki ndi posunga

Tsopano mutha kukamba za zipangizo. Seva siyenera kukhala m'kachipinda kosungiramo makatoni, kodalira jenereta imene mafuta ake amadikira siginecha zitatu. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, kotero pulani yongoganiza kuti magetsi alipo ndi maloto. Funsani kaye a nthambi ya E-Government za malo osungira deta a boma, monga amene anatsegulidwa ku Blantyre mu 2022, komanso za netiweki ya boma ya GWAN, musanamange zanuzanu.

Kope la deta lizisungidwa pamalo awiri otalikirana, ndipo kamodzi pa miyezi itatu yesani kubwezeretsa sisitimu kuchokera m'kopelo. Ambiri amadziwira tsiku la ngozi kuti kope lawo linali lopanda kanthu. Ngati muli ndi maofesi ku Chitipa, Nsanje kapena Likoma, pulogalamu izitha kugwira ntchito netiweki ikadula, n'kudzatumiza zonse ikabwera.

Kontirakiti

Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, ndipo Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena athyola sisitimu ndipo akufuna dipo. Kaya mumaiona bwanji nkhaniyo, funso limene inasiya ndi lothandiza ofesi iliyonse: amene anatikonzera sisitimu akachoka lero, mawa tigwira ntchito?

Yankho limalembedwa tenda isanatuluke. M'zikalata zimene mukonze motsatira malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, muikemo kuti deta yonse ndi ya boma, mapasiwedi aakulu adzasungidwa ndi boma, kampani idzapereka deta m'njira imene pulogalamu ina ingawerenge, ndipo antchito anu osachepera awiri adzaphunzitsidwa mpaka atayendetsa sisitimu okha kampani ikuonerera. Mufunsenso mtengo wa zaka zisanu, osati wogulira wokha. Pulojekiti ya thandizo imagula, koma ikatha, malaisensi ndi kukonza zimagwera bajeti yanu ya tsiku ndi tsiku.

Kuyamba

Jambulani mapu awiri patsamba limodzi lililonse, a momwe zilili lero ndi a momwe mukufuna zidzakhalire zaka zitatu zikubwerazi, ndipo ntchito yapakati muigawe motsatira chaka cha ndalama cha boma, chomwe chimayamba pa 1 Epulo. Yambani ndi ntchito imodzi ija munaitsatira, m'boma limodzi, buku la pamanja likuyenda limodzi ndi kompyuta kwa mwezi kapena iwiri kuti muone pomwe zikusiyana. Khazikitsani kakomiti ka anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, mwa iwo wa akaunti, wogula katundu, wa ICT ndi kalaliki wapawindo, kokhala ndi mphamvu yokana pulogalamu iliyonse yosagwirizana ndi mapu aja, ngakhale itabwera yaulere ndi galimoto yake.