Momwe mungakonzere malimu a galimoto panokha ndi ndalama zochepa kuno ku Chigwa cha Shire

Galimoto mutha kuitsuka mpaka mbee, koma malimu akakhala otuwa ndi okalikakalika m'mphepete imaoneka ngati mkwati wavala suti kuphazi kuli patapata. Ndipo kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje malimu a aluminiyamu, aja timangoti ma alloy, sachedwa kukalamba. Mukamatsetsereka mapiri kuchokera ku Blantyre kufika pa Thabwa phazi limakhala pa buleki njira yonse, ndiye fumbi lakuda la mabuleki, lomwe limakhala ndi tizitsulo, limapsera pa limu lotentha. Onjezani miyala ya m'misewu yafumbi ya ku East Bank, matope a nthawi ya madzi osefukira, ndi madzi amchere a m'mijigo yathu yambiri omwe timatsukira galimoto. Kugula ena atsopano ndiye nkhani ina. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambirife malimu a m'sitolo timangowaonera pawindo.

Ntchitoyi mutha kuigwira nokha pakhomo m'masiku awiri, osawerengera nthawi yodikira kuti penti aume. Chomwe muyenera kudziwa musanayambe n'chakuti kuno adani anu ndi dzuwa, fumbi ndi madzi amchere. Penti ndi gawo laling'ono chabe.

Choyamba: onani ngati limulo n'lofunika penti kapena kutayidwa

Chotsani tayala, mulitsuke, muliyang'ane mkati ndi kunja pamalo owala. Zokalika za m'mphepete, penti wosupuka ndi ufa woyera uja umatuluka pansi pa penti, zonsezi n'zokonzeka. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira ngati chitsulo, dzimbiri lake ndi ufa woyerawo. Koma mukaona mng'alu pafupi ndi mabowo a manati kapena pa timikono ta limu, musavutike, limenelo lathera pompo. Mng'alu wa m'mphepete mwa mkati amatha kuwotcherera, koma ndi makina a argon, osati aja owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Limu lopindika ndi dzenje, lomwe limanjenjemeretsa chiwongolero kapena kumangotulutsa mpweya pang'onopang'ono, lipite kaye kwa owongola. Kubisa mng'alu ndi penti n'kudziika m'manda, makamaka inu a ma Sienta amene mumanyamula anthu tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri: zogula

Sandipepa wa nambala 120, 240, 400 ndi 600, mapepala angapo pa nambala iliyonse. Zitini ziwiri za sipuleyi za pulaima (penti woyamba wa pansi, yemwe penti weniweni amagwirapo), ziwiri kapena zitatu za penti wa siliva kapena mtundu womwe mwakonda, ndi ziwiri za kiliya, penti wopanda mtundu wopaka pamwamba. Tepi ya mapepala, thinazi pang'ono, nsanza zoyera zosathothoka ulusi, ndi bodefila pang'ono ngati pali pokumbika kwambiri. Ndalama zikapereŵera, gulani penti wotchipa koma pulaima musamunyengerere. Funsani wolembedwa kuti etch primer, chifukwa ndi amene amaluma aluminiyamu. Pulaima wamba wa zitsulo amangokhala pamwamba, pakatha miyezi ingapo amayamba kusendeka ngati khungu la njoka. Ngati m'mashopu a pa Nchalo kapena pa Ngabu simunamupeze, tumani wopita ku Limbe, ndi bwino kudikira sabata imodzi.

Chachitatu: kukweza galimoto ndi kutsuka

Masulani manati pang'ono galimoto ikadali pansi, kenako kwezani. Dothi la kuno ndi lofewa malo ambiri, choncho pansi pa jeke ikani thabwa lokhuthala, ndipo galimoto isagonere pa jeke yekha kapena pa njerwa. Zipika zolimba za mtengo zimathandiza. Ngati mulibe, chitani limu limodzi limodzi mutaika sipeya.

Tsukani ndi sopo wotsukira mbale ndi burashi ya pulasitiki. Wina akakuuzani kuti soda wa kositiki amachotsa zakuda msanga, muyamikeni koma musamumvere, sodayo amadya aluminiyamu. Burashi ya waya wachitsulo nayonso imasiya tizitsulo tomwe timadzachita dzimbiri pansi pa penti. Madzi omaliza kutsukuluzira akhale osawawa mchere, a mvula ngati munasunga, ndipo pukutani nthawi yomweyo. Madzi a mjigo akaumira okha pa limu amasiya timadontho toyera, ndipo penti sagwira pamenepo.

Chachinayi: kukwecha, pomwe pagona ntchito yonse

Apa ndiye khalani pansi pa mtengo, wailesi pambali, chifukwa limu limodzi likhoza kukudyerani ola lathunthu kapena kuposerapo. Yambani ndi 120 pamalo okalika ndi pomwe pali ufa woyera, mukweche mpaka aluminiyamu woyera aonekere. Ufa ukatsala ngakhale pang'ono umapitiriza kudya kunsi n'kudzatukumula penti watsopano. Pokumbika kwambiri pakani bodefila, wochepa, chifukwa ndi kutentha kwa kuno amauma muli chisakanizire. Sakanizani wokwanira malo amodzi basi. Akalimba, salazani ndi 240.

Simukufunika kuchotsa penti yense wakale. Pomwe wagwira bwino mungomukwecha ndi 400 mpaka kuwala konse kuthe, limu lonse lituwe mofanana. Malo ovuta ndi m'makona a timikono ndi m'mbali mwa mabowo a manati. Pindani sandipepa pa kamtengo kapena pa chala, mulowe monsemo, poti ndi momwe penti amayambira kusupuka. Maso amanama, chala sichinama. Tsinzinani, yendetsani chala pomwe panali pokalika, mukamva kampanda ndiye kuti simunamalize.

Mukatha, pukutani fumbi lonse, kenako pukutani ndi nsanza yonyowetsa pang'ono ndi thinazi pa aluminiyamu woonekera, osathira wambiri pa penti wakale chifukwa amamufewetsa. Kuyambira apa limu musaligwirenso ndi manja, thukuta ndi mafuta a m'zala zimabowola penti timabowo.

Chachisanu: kuphimba

Kuchotsa tayala pa limu kwa amatayala ndiye kwabwino, koma ndi ndalama zina. Njira yotchipa n'kuphwetsa mpweya n'kulowetsa makadi akale osewerera pakati pa limu ndi tayala kuzungulira konse, kwinako nyuzipepala ndi tepi. Phimbani vavu. Phimbaninso kumbuyo pomwe limu limagundana ndi habu (chitsulo cha galimoto chomwe limu limamangidwapo), ndi m'mabowo momwe manati amakhala. Penti akakhala pamenepo amadzaphwanyika mukuyenda, manati n'kukhwefuka.

Chachisanu ndi chimodzi: kupopera

Ulendo wanga woyamba ndinapopera masana mu Okutobala, malimu nditawayanika padzuwa poganiza kuti auma msanga. Anaumadi, koma penti ankauma ali m'malere asanafike pa limu. Nditagwira madzulo ndinamva ngati ndagwira sandipepa yemwe uja. Zitini zitatu zinapita pachabe, ndi kukwecha kwa tsiku lina lathunthu.

Penti wa m'zitini amafuna kutentha kwa pakati pa madigiri 15 ndi 25, pomwe kuno mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira 40. Miyezi yabwino ndi Meyi, Juni ndi Julayi, mame akangouma mmawa, mphepo ya mwera isanayambe kuulutsa fumbi. Musafulumirenso kwambiri kukakhala nkhungu, chinyezi chimayeretsa kiliya ngati mkaka. Nthawi yotentha yambani kukangocha, pofika 8 koloko mukhale mutamaliza. Poperani pamthunzi, panja podutsa mpweya, kutali ndi mbaula ndi ana, mutaphimba mphuno ndi pakamwa. Wazani madzi pansi pozungulira kuti fumbi ligone. Zitini zisakhale padzuwa kapena m'galimoto yotseka, zimatha kuphulika.

Khutchumulani chitini mphindi ziwiri zathunthu. Chikhale masentimita 20 mpaka 25 kuchokera pa limu, pafupifupi kutalika kwa chikhatho chotambasula, ndipo dzanja lisaime malo amodzi. Yambani ndi m'makona, malizani ndi pankhope. Pulaima kawiri, mopyapyala, mukudikira mphindi 10 kapena 15 pakati. Akauma bwino msalazeni mopepuka ndi 600 wonyowetsa, pukutani, aume. Penti wa mtundu katatu. Ulendo woyamba pulaima azionekerabe, musadandaule, ofuna kuphimba zonse kamodzi ndi amene amayenderetsa penti ngati misozi. Ikachitika misoziyo musapukute, dikirani iume mudzakweche mawa. Kiliya kawiri kapena katatu, komaliza mokhutitsako pang'ono kuti awale. Werenganinso pa chitini, nthawi yodikira imasiyana ndi mtundu wa penti.

Ntchentche ndi tizilombo touluka ta usiku ta ku magetsi timakonda penti wamuwisi. Neti yakale ya udzudzu, yong'ambika ija munaisiya, osati yomwe ana akugonamo, ikulungeni pa mipando inayi ngati kanyumba, malimu akhale mkati osaigunda.

Chomaliza: kubwezera

Makadi ndi tepi chotsani penti akangosiya kumata, asanalimbiretu. Malimu agone pamthunzi tsiku lathunthu, awiri ngati mungathe. Popani mpweya, bwezerani, ndipo manati muyambe kumanga ndi zala, kenako ndi sipanala modumphadumpha, ili kenako la kutsidya kwake, osati motsatana. Toyota zazing'ono zambiri zimafuna 103 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira manati), choncho kudumphira pa sipanala ndi thupi lonse n'kupotoza maboti chabe. Ngati munachotsa timitovu ta balansi, pitani akapangenso balansi. Mukayenda makilomita 50 imani muyesenso manati onse.

Kwa masabata awiri oyamba tsukani ndi madzi okha ndi nsanza yofewa, kiliya amakhala asanakhwime. Ndipo mukangotsika mapiri aja, anyamata otsuka galimoto asathamangire kuthira madzi pa malimu otentha. Auzeni ayambe ndi mkati, inu mukamwe kaye tiyi.